Kumtunda kumene mukunenako kuli anthu

Madzi akasefukira ku Nsanje, anthu a kuchigwa amauzidwa kuti asamukire kumtunda, ndipo ine kumtundako ndimakudziwa. Agogo anga aakazi ankatidzutsa tambala woyamba asanalire. Ankati wotsika phiri azikafika kuchigwa dzuwa lisanakalipe, apo ayi mango ake apsera m'dengu asanagulitse ndi limodzi lomwe. Ndinali ndi zaka 9 pamene anayamba kunditenga. Iwo ankasenza dengu lalikulu la mango ndi nthochi, ine kadengu ka nandolo wouma, nkhata ya nsanza pamutu. Tinkatsika mumdima kuchokera kumudzi kwathu kufupi ndi Chididi, mapazi akufufuza okha miyala, agogo patsogolo akumenya udzu ndi ndodo kuti njoka zipatuke. Panalibe woyankhula. Mawu ankayamba tikafika pa thanthwe lina pomwe aliyense wakwathu amapumira. Pamenepo agogo ankatula dengu, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kuloza kum'mawa: "Taona, mdzukulu wanga, kwa atate ako uko."

Kunkacha tili pathanthwepo. Chigwa chinkatuluka mumdima pang'onopang'ono: milambe, migwalangwa, utsi wa m'midzi, malata a pa boma la Nsanje, kenako Shire atagona ngati nsato yokhuta, madambo a Ndindi atamuzinga, mapiri a ku Mozambique akuoneka mwachizimezime kutsidya. Kamphepo kozizira ka kuphiri kankatiomba kumsana. Kutsogoloko tinkadziwa chotidikira: chifundi chimene mu Okutobala ndi Novembala chimapitirira madigiri 40, choti nkhuku zimangoti kukamwa yasa pansi pa nkhokwe.

Phiri limeneli dzina lake ndi Malawi. Anzanga ambiri a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu sadziwa kuti kumathero kwenikweni kwa dziko lathu, kumadzulo kwa boma la Nsanje, kuli phiri lotchedwa dzina la dziko lonse. Ndipo silinabwereke dzinali. Dziko linayamba kutchedwa Malawi mu 1964, pomwe David Livingstone ndi anzake, pokwera Shire pa sitima yawo ya Ma Robert mu 1859, anali atalemba kale za phiri lotchedwa Malawe, n'kunena kuti m'mbali mwake munali midzi ingapo pakati pa mitengo yambiri. Midziyo ilipobe, ndipo yachuluka. Za mitengoyo ndinena kutsogoloku, ngakhale zikundiwawa, chifukwa dzanja langa lilimo.

Tikafika pamsika agogo sankathamangira ndalama. Anali ndi amayi awo odziwana nawo ochokera kudambo. Mulu wa mango unkabweza makakana owamba, nandolo ankabweza mapira kapena mchewere, ndipo tsiku lamwayi tinkabwerako ndi mlamba wouma, wakuda bii ndi utsi, wokulunga m'masamba a nthochi omwe tinabwera nawo. Agogo ankayankhula Chimang'anja, anzawowo n'kumayankha m'Chisena, ndipo palibe amene ankafuna womasulira. Bambo anga ndi mayi anga anaonerana pamsika womwewo. Bambo ndi Msena wa kudambo, mayi Mmang'anja wa kuphiri. Pa mwambo wa Chisena mkazi akalowoledwa amapita kwa mwamuna, choncho mayi anatsika. Koma kwa Amang'anja mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo atsibweni anga sakanalola kuti mphwawo aiwale njira ya kuphiri. Ndinakula ndi makomo awiri, ndipo sindinaonepo khomo limodzi likudziimira palokha kwa zaka zitatu zotsatana.

Munthu wa kuchigwa ali ndi minda iwiri. Wa kumphala umadalira mvula, ndipo mumadzalidwa zopirira dzuwa: mapira, mchewere, thonje, chitowe. Dimba ndilo moyo wake weniweni. Madzi osefukira akayamba kuphwa mu Epulo ndi Meyi, amasiya matope akuda onenepa, ndipo anthu amatsata madziwo pambuyo akudzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda feteleza ndi thumba limodzi lomwe. Munthu wa kuphiri ali ndi munda umodzi wotsetsereka, koma mvula kumeneko imagwa bwinoko, ndipo ali ndi chinangwa, nandolo ndi mitengo ya zipatso. Chaka cha chilala a kuphiri amatsika kukapempha kachigawo ka dimba kwa apongozi, kapena kukagwira ganyu yolipidwa mbatata. Dimba nalo likakana, amayi amalowa m'dambo kukazula nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi, madzi lekeza m'khosi, m'malo momwe ng'ona zimadikirira. Chaka cha madzi a kuchigwa amakwera, mbuzi patsogolo, ana kumsana. Palibe boma limene linakonza zimenezi. Anazikonza ndi maukwati, chinansi ndi ngongole za nsomba.

Patsinde pa phirili pali nkhalango ya Khulubvi, kwawo kwa Mbona. Aliyense wa ku Lower Shire anamvapo nkhani yake, ngakhale imasimbidwa mosiyanasiyana: mnyamata wovina mvula amene anachitiridwa nsanje, nathawa kulowera kummwera adani ake ali pambuyo, naphedwa m'mphepete mwa dambo la Ndindi atawauza yekha kuti chitsulo sichingamulase. Mutu wake anakauika ku Khulubvi, ndipo kuyambira pamenepo anthu a m'chigwa chonse akhala akupita kumeneko kukapempha mvula, atavala zakuda, nsapato atavula. Akuti Mbona amabwera ngati nsato kudzachezera mkazi wake, yemwe amatchedwa Salima. Agogo anga anali Mkhristu wolimba wa mpingo wa Africa Evangelical Church, womwe unachokera ku mishoni ya South Africa General Mission. Amishoniwo anayamba ntchito ku Lulwe mu 1900 asanakwere ku Chididi, ndipo ambiri mwa makolo athu a kuphiri anaphunzira kuwerenga m'masukulu awo. Agogo sankapita ku nsembe. Koma tsiku lina tikudutsa kufupi ndi nkhalangoyo ndinatola kamtengo kouma kuti ndiyendere, ndipo iwo anandigwira padzanja mwamphamvu: "Bweza pomwe watola. Umo satolamo nkhuni." Mu 2011 dziko lathu linapereka dzina la Khulubvi ku bungwe la UNESCO kuti aganizire zoliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti mitengo ya m'menemo yakhala zaka mazanamazana popanda mlonda wa mfuti.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pansi.

Mu Januwale 2015 ndinali kuphiri, kwa atsibweni, pamene madzi anabwera. Mvula inagwa masiku otsatana osapuma. Tsiku lachitatu madzulo galu anayamba kuuwa kumunsi kwa munda, ndipo titatuluka tinaona mzere wa anthu ukukwera m'kanjira, matope mpaka m'mawondo. Anali abale a bambo anga. Azakhali anga anali patsogolo, mwana wa miyezi ingapo wa mpongozi wawo ali kumsana, m'manja muli mpoto umodzi ndi Baibulo lokulunga m'pepala la pulasitiki. Onse pamodzi analipo 14. Anagona usiku umodzi pa chulu, madzi atawazinga, mpaka mwini bwato wina anawaolotsa. Mbuzi, nkhuku, mbewu, makadi a kuchipatala, zonse zinapita.

Atsibweni sanafunse funso. Anauza akazi awo kuti atsegule nkhokwe. Amuna tinagona pakhonde ndi m'khitchini, amayi ndi ana m'nyumba. Azakhali anakhala pafupi ndi moto akunjenjemera, osati ndi mantha okha, komanso ndi kuzizira kwa kuphiri komwe thupi lawo silinakuzolowere. Ndimakumbukira mmene anagwirira mbale ya phala ndi manja awiri, osamwa, akungoyang'ana nthunzi.

Patatha masabata atatu nkhokwe ija inali pakati. Pa wailesi tsiku lililonse mawu anali amodzimodzi: anthu a m'madera osefukira asamukire kumtunda. Azakhali, amene ndi munthu wa ulemu, anadikira kuti ana agone, n'kugwada pafupi ndi mpando wa atsibweni. "Bambo, mwatisunga ngati ana anu. Tikupempha pokhala. Ngakhale kachigawo kakang'ono, tingomangapo."

Atsibweni anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Mayi, tigone. Mawa tiyende limodzi."

M'mawa mwake anatitenga tonse atatu, azakhali, ine ndi mwana wawo wamkulu, n'kuyamba kutizunguliritsa munda. Anayenda m'malire monse, akuloza ndi chikwanje. Apa mpa mlongo wanga. Kuyambira pa mpoza uwo mpaka pakhwawa ndi pa adzukulu a malemu amayi aakulu, alipo asanu ndi awiri. Uko ndi manda. Kumtunda uko, kupitirira mwala woyera, ndi nkhalango ya boma ya Matandwe, ukalimako akugwira. Mundawo tinauzungulira wonse fodya wawo asanathe. Chimanga chinali chitamera m'mipata ya miyala, phesi apa, phesi apo, pamalo otsetsereka poti polima umayamba waponda bwino kuti ungagubuduke. Pamalo ena dothi lonse linali litakokoloka, patatsala thanthwe lokhalokha. Atsibweni anawerama, natapa dothi lofiira lodzaza dzanja limodzi, nalionetsa azakhali. "Mayi, nthaka yake ndi imeneyi. Ndikupatsani pomanga nyumba, pakuti simungagone m'madzi. Koma ndikakuuzani kuti mudzadya za pano, ndikhala ndakunamizani."

Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti "samukirani kumtunda" sindiwamva monga ndinkawamvera kale. Onena mawuwa ambiri ndi anthu abwino, ndipo atopa n'kuona mitembo. Sindikutsutsa kuti pali malo ena ofunika kuwasiya. Amene anaona zimene mtsinje wa Ruo unachita ku Makhanga mu 2015, pomwe unasiya njira yake n'kudzitsegulira ina pakati pa midzi, sangauze munthu kuti amangenso pomwepo. Madzi anabweranso ndi namondwe Idai mu Malichi 2019, ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mwana wobadwa chaka chimene azakhali anakwera phiri waona kale zigumula zinayi asanamalize pulayimale. Koma mawu akuti kumtunda amanenedwa ngati kuti kumeneko ndi bwalo losesedwa lomwe likungodikira anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje, ndipo bomali ndi kamzere kopapatiza: Shire ndi madambo mbali iyi, mapiri ndi malire a Mozambique mbali inayo, nkhalango ya Matandwe ndi malo osungira nyama a Mwabvi pakati. Paliponse pouma pali mwini wake, pali manda a agogo ake, pali ana ake amene akudikira kugawiridwa.

Ndiye anthu akabwerera kudambo madzi ataphwa, ena amati ndi osamva, ena amati amakonda zolandira. Mawu achiwiriwa amandipweteka kwambiri. Ndinawaona azakhali anga atafola pamzere wa ufa, nkhope atazolika ngati munthu wogwidwa ndi mlandu. Munthu amene dimba lake limamupatsa chimanga mu Ogasiti, pamene dziko lonse lauma, mukamuika pa miyala popanda munda, mjigo kapena sukulu ya ana ake, mwamupulumutsa ku madzi n'kumupereka kwa njala. Adzabwerera basi. Nanga adye chiyani? Palinso nkhani ya ufumu imene anthu sakonda kuitchula poyera: nyakwawa ikasamuka ndi anthu ake n'kukakhala m'dera la mfumu ina, imasanduka mlendo, ndipo mlendo saweruza mlandu.

Akuluakulu a kuno anaziona kale zoterezi. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linalamula kuti aliyense azilima mizere pofuna kuteteza nthaka, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Kuphiri lamulolo linali ndi nzeru, ndipo mpaka lero atsibweni amalima mizere yopingasa. Koma kuchigwa, pa nthaka yosalala ndi yotentha, anthu ankadziwa kuti mizere imaumitsa chinyezi msanga. Anakana, ndipo a ku Khulubvi anali mbali yawo. Mpaka pano nthawi imeneyo imatchedwa nkhondo ya mitumbira. Olamulawo sanafunse eni nthaka kuti n'chifukwa chiyani amalima mmene amalimiramo.

Komanso phirilo silili monga analionera Livingstone. Nkhondo ya ku Mozambique itakula cha m'ma 1986, anthu othawa anakhamukira kuno mpaka anaposa eni boma la Nsanje kuchuluka. Anakhala ku Mankhokwe, ku Nyamithuthu, ku Tengani ndi m'midzi ya abale awo, pakuti ambiri anali Asena anzathu, mpaka mtendere utasainidwa mu 1992 ndi pamene anayamba kubwerera. Anthu onsewo ankafunika kuphika ndi kumanga, ndipo nkhuni ndi milimo zinkachokera m'mapiri omwewa. Sindikuwaimba mlandu. Ife tikanathawira kwawo tikanachita chimodzimodzi. Iwo atapita, nkhwangwa inatsala m'manja mwathu.

Ndili Fomu 3, fizi inasowa. Ine ndi msuweni wanga tinalowa m'nkhalango usiku n'kugwetsa mitengo itatu yachilengedwe. Umodzi unali waukulu woti awirife sitikanaukumbatira. Tinaiduladula, n'kuunjika zipikazo mothithikana, n'kufunditsa udzu, n'kukwirira ndi zibuma za dothi, kusiya kabowo koyatsira moto ndi timabowo topumira. Uvuni wa makala sufuna tulo. Ukaona lawi latulukira pena, umathamanga kukatseka ndi dothi, apo ayi upeza phulusa lokhalokha. Tinaulondera masiku asanu, utsi ukutiluma m'maso, chifuwa chikutentha. Matumba amene tinapeza ndinatsika nawo panjinga, awiriawiri, mabuleki atagwira mpaka zala kuuma, phazi limodzi likukhukhuluza pansi. Fizi ya teremu imodzi inakwana. Mtengo waukulu uja unali utaima pamwamba pa kasupe amene agogo ankatungako madzi akumwa. Sindinganene kuti ndi ife tokha tinamuumitsa, pakuti ena anadulanso pambuyo pathu, koma masiku ano kasupeyo amaphwa pofika Ogasiti, ndipo ana aakazi a msuweni wanga yemweyo amadzuka usiku kukadikira madzi kukhwawa lakutali.

N'chifukwa chake sindingathe kutukwana wootcha makala, komanso sindingathe kumuuza kuti palibe chimene akulakwa. Thumba limene amatsika nalo limakathera m'mbaula za pa boma, za ku Bangula, za ku Nchalo, m'nyumba za anthu a malipiro ngati ine. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, magetsi ankazima maola ambirimbiri kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tinathamangira makala. Chigumula chinabala mdima, mdima unadya mitengo, ndipo phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Mitsinje yotsika m'mapiriwa, monga Nyamadzere ndi Nyachilenda, chilimwe chonse imakhala mchenga wokhawokha, koma mvula ikagwa kumtunda imatsika kamodzi n'kamodzi, yofiira, itasenza miyala ndi zitsa. Ikafika kuchigwa imapeza njira yake itadzaza mchenga, ndiye imalowa m'midzi. Anthu ambiri akamva za kusefukira kwa madzi ku Nsanje amaganiza za Shire yekha. Midzi ina imene ndikuidziwa inamizidwa ndi madzi ochokera kumsana kwawo, kuphiri komwe akuuzidwa kuti athawireko. Ndipo Freddy, amene anapha kapena kusowetsa anthu opitirira 1,000 m'dziko muno, ambiri anawapeza m'mphepete mwa mapiri, ku Chilobwe patsinde pa Soche, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu. Phiri lometedwa nalonso limapha.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Amene akukonza zosamutsa anthu ayambe akwera phirili wapansi, nthawi ya dzinja, pamene msewu wa ku Chididi umaterera moti ngakhale njinga zamoto zimatsitsa anthu. Akhale pansi ndi eni malo a kumtunda, awafunse chimene angathe kupereka ndi chimene sangathe, ndipo awalipire moyenera, pakuti nawonso ndi amphawi. Malo atsopanowo akhale poti munthu angathe kugona pouma koma n'kumafikabe kudimba kwake. Mjigo ndi sukulu zitsogole, anthu abwere pambuyo. Ndipo mnyamata wa Fomu 3 wa kuphiri akhale ndi njira ina yopezera fizi. Mango a ku Chididi amaolera pansi chaka ndi chaka chifukwa chosowa galimoto yokawatenga, pamene thumba la makala silisowa wogula.

Azakhali anamanga. Atsibweni anawapatsa malo kuseri kwa khola, ndipo tinawaumbira njerwa chilimwe cha chaka chomwecho. Kanyumbako kalipo, ka zipinda ziwiri, kofolera malata amene ana awo anasonkherana. Amakhalamo kuyambira Disembala mpaka madzi ataphwa. Aphunzira kufunda bulangete, ndipo adzala mitengo isanu ya mango ndi umodzi wa mbawa m'mphepete mwa khwawa, umene amauthirira ndi madzi otsukira mbale.

Chaka chino ndinapitako kumapeto kwa Epulo. Ndinawapeza akumanga katundu: khasu, mpoto, mbewu ya chimanga m'chigubu, mpukutu wa mphasa. Atsibweni, amene tsopano akuyendera ndodo, anawaikira chinangwa chouma m'thumba, n'kunena kuti, "Mayi, mukatikumbukire ndi mbatata." Azakhali anaseka: "Bambo, chaka chatha munadya ya yani?"

Tinanyamuka tambala woyamba asanalire. Ine ndinasenza thumba la chinangwa, mdzukulu wawo, yemwe anakwera phirili ali kumsana mu 2015, anasenza mphasa. Titafika pathanthwe paja tinatula. Kunja kunkayera, ndipo kumunsi madzi anali atabwerera m'malo mwake, atasiya mzere wakuda wa matope m'mphepete mwa dambo. Azakhali anauyang'anitsitsa mzerewo, dzanja pamphumi, akuyeza ndi maso pomwe madzi afika. Kenako anatembenukira kwa mwana uja.

"Senza, tiyeni. Anzathu ayamba kale kudzala."